Zipolopolo za m'magazini, liwiro la mfuti ndi mmene asilikali amamenyera nkhondo pagulu: mafunso ndi mayankho

Ife okhala mbali ya ku Senga Bay kuno ku Salima kulira kwa mfuti sitidabwa nako. Sukulu ya asilikali ya MAFCO ili pakhomo pathu, bataliyoni ya asilikali odumpha m'ndege nayonso ili komwe kuno. Tsiku lina umadzuka m'mamawa n'kumva chapatali kuti pho! pho! kenaka tatatata! kwakanthawi kochepa, kenaka zii. Amayi amapitiriza kupeta mpunga, a kabaza amapitiriza kupalasa. Koma anyamata, makamaka omwe akulota zodzavala yunifolomu, mafunso awo satha.

Ine sindine msilikali. Ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale, ndipo agogo anga aamuna anali msilikali wa Keyala, King's African Rifles, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe ophunzira anga ndi anzanga a pabawo amandifunsa kawirikawiri. Zomwe ndalemba ndi zopezeka poyera m'mabuku a mbiri ya nkhondo. Ndalemba chifukwa zomwe ana athu amaphunzira m'nyumba zoonetsera mavidiyo pa nkhani ya mfuti zambiri ndi zabodza, ndipo bodza la mtundu umenewu limapangitsa mwana kuona mfuti ngati choseweretsa.

Kodi magazini n'chiyani, ndipo mumalowa zipolopolo zingati?

Magazini ndi kabokosi kachitsulo kapena kapulasitiki kolimba komwe kamalowetsedwa kunsi kwa mfuti. Mkati mwake muli sipuling'i yomwe imakankhira zipolopolo m'mwamba, chimodzi chikatuluka china n'kukhala pamalo pake. Kuchuluka kwake kumatengera mtundu wa mfuti. AK-47 imatenga 30. M16 ndi M4 za ku America masiku ano zimatenga 30, ngakhale kuti M16 zoyamba zomwe zinapita ku Vietnam zinali ndi magazini a 20. G3 ya ku Germany ndi FN FAL ya ku Belgium, mfuti zomwe zinafala kwambiri m'magulu a nkhondo a mu Africa mayiko atangolandira ufulu, zimatenga 20. Tikabwerera m'mbuyo, Lee-Enfield ya Angerezi inkatenga 10, M1 Garand ya Amereka 8, ndipo Mauser ya Majeremani 5 zokha.

Nanga bwanji m'mavidiyo munthu amawombera kwa mphindi zingapo osasintha magazini?

Chifukwa ndi vidiyo basi. Tiyeni tiwerengere limodzi. AK-47 ikaikidwa poti izingolira yokha imatulutsa zipolopolo pafupifupi 600 pa mphindi, kutanthauza 10 pa sekondi. Magazini ali ndi 30. Ndiye kuti munthu akakanikiza chala osachotsa, pakutha masekondi 3 mfuti yatha mawu. Masekondi atatu! Simunamalize n'komwe kupereka moni. M16 imathamanga kuposa pamenepo, pakati pa 700 ndi 950 pa mphindi, ndiye magazini ake amatha pa masekondi awiri ndi pang'ono.

Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali liwiro la makina a mfuti, ndipo pali liwiro lomwe munthu wamoyo angawombere nalo n'kumalasa chandamale. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, monga momwe galimoto yolembedwa 200 pa geji siyenda 200 pa msewu wopita ku Lifuwu. Mabuku a asilikali a ku Soviet Union ankawerengera kuti AK pankhondo yeniyeni imawombera zipolopolo pafupifupi 40 pa mphindi ukamatulutsa chimodzichimodzi, kapena 100 ukamatulutsa zingapo panthawi imodzi n'kumapumira. Mabuku a Amereka amanena kuti ngati ukufuna kuti M16 iwombere nthawi yaitali osatenthetsa, usapyole zipolopolo 12 mpaka 15 pa mphindi. Yerekezani 15 ndi 900, muone kutalikirana kwake.

Komanso mfuti ikamalira yokha imadumpha. Chipolopolo choyamba chimapita pomwe walozetsa, chachiwiri chimakwera pang'ono, chachisanu chikudula masamba a mtengo. N'chifukwa chake Angerezi atatenga FAL n'kuitcha L1A1 anachotseratu njira yowombera mosalekeza, ndipo Amereka pa M16A2 anaika zoti ukakanikiza kamodzi zizituluka zitatu zokha. Akuluakulu a nkhondo ankadziwa kuti mnyamata akachita mantha chala chimauma pomwepo.

Ngati 30 zimatha msanga chonchi, bwanji osapanga magazini a 100?

Alipo, ena ozungulira ngati ng'oma, koma asilikali sawakonda kwenikweni. Amalemera, amachita phokoso poyenda, amachedwa kudzaza, ndipo fumbi kapena mchenga ukalowa amakanirira. Pa nkhondo yachiwiri Asoviyeti anali ndi mfuti yaifupi ya PPSh-41 ya magazini ozungulira a zipolopolo 71, koma pambuyo pake anayamba kupanga magazini wamba a 35 chifukwa cha mavuto omwewa. Magazini aatali kwambiri nawonso ali ndi vuto lake: msilikali amamenya nkhondo atagona chafufumimba, ndipo magazini akatalika amatsamira pansi n'kumukakamiza kudzutsa mutu. Mutu wodzuka ndiwo mdani amafuna.

Chifukwa chiyani mfuti zina zimatenga 20 pomwe zina 30?

Yankho lili pa kukula kwa chipolopolo, ndipo kukula kwa chipolopolo ndi nkhani ya msana wa munthu.

Chipolopolo cha G3 ndi FAL, chotchedwa 7.62x51, chimalemera pafupifupi magalamu 25. Cha AK-47, 7.62x39, chili pa magalamu 16 kapena 17. Cha M16, 5.56x45, chili pa magalamu 12. Zikuoneka zazing'ono, koma chulukitsani. Zipolopolo 100 za G3 ndi makilogalamu awiri ndi theka, pomwe 100 za M16 ndi kilogalamu imodzi ndi pang'ono. Magazini amodzi achitsulo a AK odzaza bwino amatsala pang'ono kufanana ndi paketi ya shuga ya kilogalamu. Tsopano ganizirani munthu wanyamula mapaketi a shuga asanu kapena asanu ndi limodzi pachifuwa, mfuti ya makilogalamu 4, madzi, chakudya, chisoti, chovala choteteza chifuwa, n'kumayenda dzuwa la Okutobala la kuno ku Salima lili paliwombo. Amene anasenzapo chigubu cha malita 20 kuchokera pamjigo wakutali akudziwa kuti katundu amalemera kwambiri kumapeto kwa ulendo.

Nkhondo yachiwiri itatha, ofufuza anapeza kuti nkhondo zambiri za asilikali oyenda pansi zimachitika pa mtunda wosapyola mamita 300, kutalika kwa mabwalo atatu a mpira. Majeremani anali atazindikira kale zimenezi pomwe anapanga StG 44 ya chipolopolo chachifupi ndi magazini a 30, ndipo Mikhail Kalashnikov anatsata maganizo omwewo pa AK yomwe asilikali a Soviet Union anayamba kugwiritsa ntchito mu 1949. Maganizo ake anali oti palibe chifukwa chosenzera chipolopolo chofika mamita 1,000 pomwe mdani umamuona pa mamita 200. Bola chaching'ono, unyamule zambiri. Msilikali wa ku America wonyamula M4 amapatsidwa magazini 7, zipolopolo 210.

Koma mkanganowu sunathe. Ku Afghanistan, dziko la mapiri, Amereka ankawomberedwa kuchokera kutali komwe kachipolopolo kawo kankafika katafooka, komanso akuopa adani ovala zoteteza chifuwa zolimba. Mu 2022 anasankha mfuti yatsopano ya kampani ya SIG Sauer ya chipolopolo chachikulupo, 6.8x51, ndipo magazini ake abwerera pa 20. Magazini 7 omwewo tsopano ndi zipolopolo 140, osati 210. Asilikali awo akukangana mpaka lero. Ine maganizo anga ndi oti m'nkhalango yowirira ngati ya ku Congo, momwe mdani amatulukira pa mamita 30, munthu angasankhe zipolopolo zambiri zopepuka. Pachigwa poyera kapena m'mapiri nkhani imasintha. Mfuti yabwino paliponse kulibe.

Agogo athu a Keyala ankalimba bwanji ndi mfuti ya zipolopolo 10 zokha?

Funso ili ndimalikonda chifukwa limandikumbutsa pakhonde pa agogo. Iwo anali m'gulu la asilikali a ku Nyasaland omwe anapita ku Burma ndi 11th East African Division, n'kutsika chigwa cha Kabaw mu 1944, mvula ili pakati. Ndili mwana ankatenga mpini wa khasu, kuutsamiritsa paphewa, dzanja lamanja n'kumachita ngati akukweza kachitsulo, kukokera m'mbuyo, kukankhira kutsogolo, kutsitsa. Zaka zinali zitapita zambiri, maso anali atayamba kuchita khungu, koma dzanjalo linkayenda lokha, mofewa ngati la mayi wopota ulusi, tsaya osachoka pampinipo. Akafika pa khumi ankaima, n'kuchita ngati akukanikiza ndi chala chachikulu kawiri, chifukwa Lee-Enfield inkadzazidwa kuchokera pamwamba, zisanu zisanu.

Msilikali wophunzitsidwa bwino ankayenera kulasa chandamale ka 15 pa mphindi imodzi ndi mfuti imeneyi, ndipo akatswiri ankapyola pamenepo. Mwaona? 15 yomweyo yomwe mabuku a lero akunena pa M16. Kusiyana kwa mfuti yakale ndi yatsopano kulipo ndithu, makamaka mdani akayandikira kwambiri, koma sikofika pomwe anthu amaganizira.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chofunika kuposa choyamba, mphamvu ya gulu lawo sinali pa Lee-Enfield. Inali pa Bren, mfuti yachiwaya yopepuka ya magazini okhota a 30 omwe ankakhala pamwamba, yowombera pafupifupi 500 pa mphindi. Kagulu kalikonse ka asilikali 10 kanali ndi Bren imodzi, ndipo pafupifupi aliyense m'kaguluko ankanyamulako magazini a Bren m'matumba a pachifuwa. Agogo ankati munthu ukanatha kuiwala fodya wako, koma magazini a Bren ayi, chifukwa Bren ikakhala chete onse khumi ali pamavuto. Ankanenanso kuti m'magazinimo ankaikamo 28, kusiya mpata kuti sipuling'i isatope n'kukanirira panthawi yolakwika.

Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu likuchokera ku nthawi yomweyo, pomwe asilikali a 1st KAR, bataliyoni yoyamba ya Keyala, analimbana ndi Mataliyana ochuluka kuwaposa pa Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, mu Julaye 1940.

Dzina loti chiwaya linachokera kuti?

Pa chiwaya chokazingira chimanga. Mverani chimanga chikamaphulika pamoto, thetheteee, mumva chomwe makolo athu anamva. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafika kwathu kuno: Majeremani anaukira Karonga pa 9 Seputembala 1914, ndipo kwa zaka zinayi asilikali a Keyala anathamangitsana ndi gulu la Paul von Lettow-Vorbeck m'mayiko omwe lero ndi Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Mfuti za mtundu wa Maxim, zomwe Hiram Maxim anayambitsa mu 1884, zinkadya malamba a zipolopolo 250 ndipo mpope wake unkazizidwa ndi madzi. Anthu anaitcha nkhondo yonseyo kuti ya Chiwaya.

Pali mbali ina yomwe sitiyenera kuiiwala tikamakamba za liwiro la mfuti. Zipolopolo zomwe chiwaya chinkalavula pa mphindi imodzi panali munthu amene anazisenza pamutu kwa milungu. Amenewo anali a tengatenga, amuna pafupifupi 200,000 ochokera m'dziko muno, ambiri ogwidwa mokakamiza, ndipo ochuluka anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Ndikamawerengetsa ana anga m'kalasi kuti 600 pa mphindi ndi zingati pa ola, ndimawauzanso kuti awerengere mitu yosenza.

Kodi sekishoni n'chiyani, ndipo imagawana bwanji ntchito?

Sekishoni ndi kagulu kakang'ono kwambiri komwe kamamenya nkhondo pakokha, ka anthu 8 mpaka 10, kotsogozedwa ndi kopolo, wachiwiri wake lansi kopolo. Masekishoni atatu amapanga pulatuni ya anthu pafupifupi 30, yomwe imakhala ndi lefutenanti ndi sajeni. Mapulatuni atatu kapena anayi ndi kampani, makampani angapo ndi bataliyoni. Umu ndi momwe Angerezi ankachitira, ndipo mayiko ambiri omwe ankalamulidwa nawo anatengera dongosolo limeneli. Amereka kagulu kotere amakatcha squad, ndipo kawo kamakhala ndi anthu 9 ogawidwa m'timagulu tiwiri ta anthu anayi anayi kuphatikiza mtsogoleri.

Aliyense amene anaonapo asodzi a chilimira akukoka usipa usiku pa Senga Bay amvetsa msanga. Siginala ali m'bwato lake ndi nyali, alovi ali ndi zingwe mbali ziwiri, ndipo mmodzi akakoka nthawi isanakwane kapena kuchedwa, usipa wonse umathawira pansi pa khoka. Palibe mlovi amene amagwira usipa payekha. Sekishoni nayo ili ndi mbali yachiwaya ndi mbali ya mfuti wamba, ndipo kopolo ndiye amanena kuti ndani awombere, awombere kuti, zingati, ndi kuti asiye liti.

Majeremani pa nkhondo yachiwiri anafika poika chiwaya patsogolo pa zonse. MG42 yawo inkawombera pafupifupi 1,200 pa mphindi, 20 pa sekondi, moti khutu silinkatha kusiyanitsa kulira kwa chipolopolo chimodzi ndi chinzake. Asilikali ena onse m'kaguluko, ndi Mauser zawo za zipolopolo 5, ntchito yawo yaikulu inali kuteteza chiwayacho ndi kuchisenzera chakudya. Masiku ano ziwaya zofala ndi FN MAG ya ku Belgium, yolemera pafupifupi makilogalamu 12, ndi PKM ya ku Russia, ya makilogalamu 7 ndi theka. Zonse ziwiri zimadya malamba.

Ndamva kuti zipolopolo zambiri pankhondo sizilasa munthu. Ndiye amawomberanji?

N'zoona, zambiri zimapita m'dothi, m'mitengo ndi m'makoma. Koma sikuti zonse zapita pachabe. Munthu amene zipolopolo zikumulira pamwamba pa mutu ndi kufukula dothi patsogolo pake sadzutsa mutu, ndipo wosadzutsa mutu saona, wosaona salasa. Ntchito yaikulu ya chiwaya ndi imeneyo: kumukanikizira mdani pansi.

Mdani atagona choncho, mbali ina ya sekishoni imadzuka n'kuthamanga masitepe ochepa, kwa masekondi atatu kapena asanu, n'kudzigwetsanso pansi pomwe pali chobisalira, chulu, tsinde la mtengo kapena kangalande. Ikakhazikika imayamba kuwombera, ndipo anzawo aja amadzuka nawonso. Amasinthana choncho mpaka kufika. Onani bilimankhwe akamayenda pa nthambi: sanyamula miyendo yonse pakamodzi, ina imagwira, ina imasuntha. Lamulo lake ndi lomwelo, kuti pasapezeke munthu woyenda popanda mnzake womuphimba ndi moto. Pobwerera m'mbuyo zinthu zikavuta amachitanso chimodzimodzi, ndipo asilikali opuma pantchito omwe ndimacheza nawo amati kubwerera mwadongosolo n'kovuta kuposa kupita kutsogolo, chifukwa miyendo imafuna kungothawa.

Pamenepa mpomwe nkhani ya magazini imalumikizana ndi nkhani ya gulu. Kusintha magazini kumatenga masekondi angapo, ndipo pa masekondi amenewo mfuti yako ili chete. Ngati anthu onse 8 atayamba kuwombera mosalekeza panthawi imodzi, onse atha panthawi imodzinso, ndipo pakhala bata la masekondi angapo pomwe mdani adzutse mutu, mnzanu ali chilili pakati pa bwalo. N'chifukwa chake asilikali amaphunzitsidwa kufuula akamasintha magazini kuti woyandikana naye adziwe n'kuwonjezera moto. N'chifukwa chakenso kopolo wabwino amakalipira wowombera mwachisawawa kuposa wowombera pang'onopang'ono. Zipolopolo 210 zija, mutati muzitulutse mosalekeza, ndi masekondi osakwana 20 a kulira kwa mfuti. Nkhondo ikhoza kutenga maola 6, ndipo galimoto yobweretsa zina mwina ili tsidya la mtsinje wosefukira.

Mukadzamvanso kulira kochokera kumalo ophunzirira asilikali, tcherani khutu. Mudzamva kamodzikamodzi kambiri, ndi timagulu tatifupi ta chiwaya, tatata, kupuma, tatata, kupuma. Kupumako ndiko maphunziro enieniwo.

Kodi n'zoona kuti mfuti imatentha mpaka kukana?

Eya. Chipolopolo chilichonse ndi kamoto koyaka mkati mwa mpope wachitsulo. Ukawombera magazini angapo motsatizana mpope sugwirika, ukapitiriza umafiira, umayamba kumwaza zipolopolo, ndipo ukhoza kutentha mpaka chipolopolo chokhala mkati kuphulika chokha munthu asanakhudze kalikonse. Pa nkhondo ya ku Wanat ku Afghanistan, pa 13 Julaye 2008, pomwe asilikali 9 a America anafa, ena mwa opulumuka anafotokoza kuti mfuti zawo zinakana atawombera magazini ambiri m'nthawi yochepa.

Ziwaya zimapangidwa moti mpope uzichotsedwa msanga n'kuikapo wina. Malangizo a Amereka pa M240, yomwe ndi FN MAG yomweyo, amati ukamawombera 100 pa mphindi usinthe mpope pa mphindi 10 zilizonse, ukamawombera 200 pa mphindi usinthe pa mphindi ziwiri zilizonse. Ndiye wachiwaya sayenda yekha, amakhala ndi mnzake wonyamula mpope wapadera ndi malamba.

Lamba ndi magazini, chabwino n'chiti pa chiwaya cha sekishoni?

Lamba amapereka moto wautali, 100 kapena 200 osaima. Magazini amapepuka, salowa matope msanga, ndipo aliyense m'gulu akhoza kukuponyera ake. Asoviyeti anasiya RPD ya lamba n'kutenga RPK ya magazini a 40, ndipo asilikali a m'madzi a ku America, ma Marines, anachotsa M249 ya lamba m'timagulu tawo n'kuikamo M27 ya magazini a 30, ponena kuti kulasa molondola kumaopsa mdani kuposa phokoso. Ambiri sanagwirizane nazo. Ine ndili mbali ya lamba, chifukwa pomwe mnzako wavulala pamtetete ndipo pakufunika mphindi yathunthu kuti akokedwe, kusintha magazini kanayi n'kupereka mipata inayi.

Kodi AK-47 ndiyo mfuti yoposa zonse?

Ndi yolimba, yosavuta kusamala, ndipo imapirira fumbi ndi matope. Pa kulasa patali G3 ndi M16 zimaiposa. Kutchuka kwake kwathu kuno kuli ndi mbiri yowawa. Anzathu a ku Mozambique anaiika pambendera yawo pokumbukira nkhondo ya ufulu, koma nkhondo yapachiweniweni ya 1977 mpaka 1992 inathamangitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo mfuti zina zinadutsa malire n'kugwera m'manja mwa achifwamba. Amene anali akuluakulu m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira mantha a usiku m'magolosale ndi m'misewu. Ndikamva mwana akutchula AK mokondwa ngati dzina la timu ya mpira, mtima umandipweteka.

Nanga gogodela?

Imeneyo ilibe magazini. Wonga ndi chipolopolo zimathiridwa kukamwa kwa mpope n'kusinjiriridwa ndi kamtengo, ndipo ngakhale msilikali wakale wozolowera ankawombera kawiri kapena katatu pa mphindi. Komabe mfuti za mtundu umenewu zinali zokwanira kuti Jumbe ndi anthu ake alamulire malonda a akapolo pa Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800, chifukwa midzi yomwe ankaiukira inali ndi mikondo ndi mauta. Za masiku ano zosula m'midzi, zomwe opha nyama mozemba amalowa nazo m'nkhalango, n'zoletsedwa, ndipo kawirikawiri zimaphulikira mwini wake.

Asilikali athu zimenezi anakumana nazo pankhondo yeniyeni?

Inde, ndipo magazi anakhetsedwa. Mu 2013 Malawi inayamba kutumiza asilikali kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo m'gulu lapadera la United Nations, pamodzi ndi Tanzania ndi South Africa. Mu Novembala 2018, pafupi ndi Beni, asilikali a Malawi ndi a Tanzania anakumana ndi moto woopsa wa zigawenga za ADF m'nkhalango. Asilikali 6 a Malawi ndi mmodzi wa Tanzania anafa.

Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete. Malinga ndi zomwe United Nations inafotokoza, gulu lake linawombera pophimba anzawo kuti asunthire pamalo otetezeka, ndendende zomwe tafotokoza pamwambapa. Nkhondo ili mkati, Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atavulala kwambiri pamalo poonekera. Anamukokera pobisika, ndipo anawomberedwa akumupatsa chithandizo choyamba. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019 mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri wa asilikali osungitsa mtendere.

Ophunzira anga akafunsa kuti Chitete anali ndi mfuti yanji, ya zipolopolo zingati, ndimawauza kuti funso labwino n'lakuti ndani ankawombera pomuphimba pamene iye manja onse awiri anali pa mnzake wovulala.

Ndikufuna kulowa usilikali. Ndiyambe kuphunzira za mfuti panopa?

Ayi, achimwene. Za mfuti akakuphunzitsani komweko, mwadongosolo, ndi alangizi odziwa ntchito yawo. Panopa limbikirani sukulu kuti mukhale ndi satifiketi yabwino, thamangani m'mawa, pewani mowa ndi chamba, musapalamule mlandu, ndipo phunzirani kumvera ndi kugwira ntchito ndi anzanu. Masamu musawathawe, mwaona nokha kuti nkhani yonseyi ndi yowerengera. Dikirani chilengezo chochokera ku Malawi Defence Force, ndipo aliyense wokuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akulowetseni ndi wakuba.

Mwana watola chipolopolo kumunda kapena kutchire. Tichite chiyani?

Kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu m'dziko muno, ngakhale chitakhala chimodzi chotola. Koma choopsa kwambiri si mlanduwo. Chipolopolo chadzimbiri chikhoza kukhala chamoyo, ndipo ana amakonda kuchigogoda ndi mwala, kuchiponya pamoto kapena kuchiboola kuti apange mkanda. Chinthu chachikulupo, chooneka ngati kabotolo kachitsulo, kampira kapena chokhala ndi timapiko kumbuyo, chikhoza kukhala bomba lomwe silinaphulike. Chimenecho musachikhudze, musachisunthe ndi khasu, ndipo musapite nacho kwa ogula zitsulo zakale. Chotsanipo ana ndi ziweto, ikani chizindikiro chapatali monga nthambi kapena nsanza pamtengo, uzani a mfumu, ndipo kaneneni kupolisi yapafupi tsiku lomwelo. Ngati mbuzi kapena ng'ombe zalowa kumalo ophunzirira asilikali, musatume mwana kukazitenga. Pitani nokha pachipata mukalankhule ndi alonda.